ULENDO WA KU MCHINJI NDI MWANA WOFUNA KUONA KWAO

Kuyambira pamene ndinapuma pa nchito ya uphunzitsi, maulendo anga akhala a kumaliro, a kumaukwati ndi a kukalandira feteleza cabe. Koma m'mwezi wa August caka ca 2023 ndinayenda ulendo wa mtundu wina, umene sunacoke m'mutu mwanga kufikira lero. Ndaona kuti ndi bwino kuti ndiufotokoze kwa inu awerengi, makamaka inu amene muli ndi ana amasiye pakhomo. Ulendowo sunali wautali ai. Kucokera ku Chipata kukafika ku Mchinji m'dziko la Malawi sipakwana makilomita 40, ndipo munthu wa njinga amapita m'mawa ndi kubwerako dzuwa lisanalowe. Koma anthu amene ndinaperekeza anacokera kutali, ku Scotland, ndipo mmodzi wa iwo anali atacoka ku Mchinjiko zaka 14 zapitazo, ali mwana wosadziwa kanthu.

Tate wa banjali ndi mnzanga wakale. Anabwera kuno ali mnyamata kudzaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya sekondale pamene inenso ndinali kuphunzitsa, ndipo tinali kudyera mbale imodzi. Atakwatira kwao anapeza nchito ku Lilongwe, kumene anakhala zaka zingapo pamodzi ndi akazi ace. Mphatso ya mwana sanalandire. Motero m'caka ca 2007 anatenga khanda lacikazi pa nyumba ina yosungiramo ana amasiye m'boma la Mchinji, nalilera pakhomo pao a boma akuyang'anira, kufikira m'caka ca 2009 pamene khoti linagamula kuti mwanayo ndi wao mwa lamulo. Caka comweco anabwerera naye ku Scotland. Maina ao sindichula, ngakhalenso dzina la nyumbayo ndi la mudzi, pakuti nkhani ya mwana ili ndi mwini wace.

Mnzangayo anandilembera kuti mwana wakula ndipo afuna kukaona pamene anacokera, koma Cinyanja cace iye mwini cacita dzimbiri. Anandipempha kuti ndikakhale womasulira. Anatera ndi ndeke ku Mfuwe, nafika pakhomo panga madzulo ena. Mtsikanayo, wa zaka 16, anali wamtali, wa maso ofatsa, wosasiyana ndi adzukulu anga kufikira pamene anatsegula pakamwa. Titadya nsima anaturutsa envulopu imene anali kuisunga ngati ndalama. Munali pepala la ku khoti, khadi la ku sikelo ndi cithunzi cimodzi ca khanda loonda lili m'manja mwa mai wina amene nkhope yace inadulidwa ndi wojambula. Anandiuza m'Cingerezi kuti: "Amalume, zonse zimene ndidziwa za moyo wanga woyamba ndi izi."

Usiku womwewo amai ace anaululira akazi anga za mantha ao. Anati sanali kuopa njira kapena malungo. Cimene cinali kuwasowetsa tulo cinali cakuti mwina mwana akakaona kwao adzayamba kuwayang'ana iwo monga munthu amene anatola cinthu ca eni.

MSEU WA KU MWAMI

Tinanyamuka mbandakuca pa galimoto yobwereka. Amene adziwa Chipata m'mwezi wa August adziwa mphepo yace yafumbi, mapiri ouma ozungulira tauni ndi mitengo ya mango ili mbuu ndi maluwa. M'mbali mwa mseu munali njinga zosawerengeka, zina zosenza malasha, zina matumba a nshawa, zina nchembere zopita ku msika. Mwa apo ndi apo tinali kuona njanji yocokera ku Mchinji, imene inalankhulidwa zaka zambiri isanatsegulidwe m'caka ca 2010. Mtsikana uja anali cete, mphuno pagalasi, kuyang'ana mwana ali yense wa msinkhu wace amene anali kupita kukatunga madzi.

Pa cipata ca Mwami tsopano pali nyumba yatsopano imene inatsegulidwa mu December 2022 ndi Mtsogoleri Hakainde Hichilema pamodzi ndi a Lazarus Chakwera, amene panthawiyo anali kutsogolera dziko la Malawi. A maiko onse awiri amagwirira nchito pamalo amodzi, kotero kuti wapaulendo saimanso kawiri monga kale. Podikira mapepala a galimoto ndinafotokozera alendo anga za malirewo. Atsamunda powalemba anatsata msana wa mtunda. Mvula yogwa mbali yathu imatsikira ku Luangwa, pamene yogwa tsidya linalo imalowa mu Bua ndi kukathira m'nyanja ya Malawi. Koma madzi onsewo amakakumananso mu Zambezi, ena kudzera ku Luangwa, ena kudzera mu Shire. Anthu ace ndi amodzinso. Mafumu a Acewa a ku Malawi amabwera ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu m'boma la Mchinji sasowa pa Nc'wala ku Mtenguleni.

Mai wodinda mapasipoti atatsegula pasipoti ya mtsikanayo anaona kuti malo obadwira ndi Mchinji. Anamwetulira nati: "Takulandirani kwanu, acemwali. Muli bwanji?" Mwana uja anatembenukira kwa ine, maso ali mwazi. Moni wa kwao anacita kumumasulira munthu wa dziko lina. Mai uja anazindikira, nadinda mwakacetecete, nati kwa ine: "Muyende naye bwino, bambo."

PA BOMA LA MCHINJI

Mchinji ili makilomita ngati 12 kucokera pa cipata. M'masiku a atsamunda inali kuchedwa Fort Manning, monga momwe Chipata inali Fort Jameson. Ndi tauni yaing'ono yotsamira mapiri, ya anthu olima fodya, cimanga, soya ndi nshawa, zimene kumeneko amati mtedza. Tinaima pa msika kugula shuga, sopo, mcere ndi mafuta ophikira, pakuti mlendo safika pakhomo manja ali lende.

Ku Mchinji munthu ukaoneka ndi Azungu pamodzi ndi mwana wakuda, anthu amadziwiratu nkhani yako, cifukwa bomali linamveka pa dziko lonse ndi nkhani yotere. Kufupi ndi tauniyi kuli nyumba yaikuru ya ana amasiye yochedwa Home of Hope, imene inayambidwa ndi Abusa Thomson Chipeta m'zaka za m'ma 1990. Mu October 2006 Madonna, mai woyimba wochuka wa ku America, anatenga kumeneko kamnyamata ka caka cimodzi, David Banda. Amai ace a mwanayo anamwalira atangom'bereka, koma atate ace anali moyo, mlimi wa m'mudzi wina wa kufupi ndi malire athu. Mabungwe oona za ufulu wa anthu anatsutsa, ponena kuti lamulo la Malawi linali kufuna kuti wotenga mwana akhale wokhala m'dzikomo. Mu April 2007 maiyo anabwerera ndi mwanayo kudzaceza pa nyumba imene anam'tenga, ndipo mu May 2008 khoti linatsiriza nkhaniyo mom'komera.

M'caka ca 2009 anafunanso kutenga mtsikana, Mercy James. Khoti lalikuru linakana mu April, koma khoti la apilo linabvomereza mu June. M'caka ca 2017 anatenganso mapasa aakazi pa Home of Hope pomwepo, ndipo caka comweco anatsegula cipatala ca opaleshoni ya ana pa Queen Elizabeth ku Blantyre, cochedwa dzina la Mercy James. Anthu amene tinaceza nao pa msika anali ogawanika. Ena anati anawo anapeza mwai, ena anati mwana si mbuzi yoti ipite ndi amene ali ndi msipu wabwino. Koma ine cimene ndinakumbukira ndi mau amene manyuzipepala analemba m'caka ca 2006, akuti atate ace a David poyamba sanamvetse kuti mwana wao apita kotheratu, ngakhale kuti pambuyo pace ananena kuti abvomereza. Sindinadziwe kuti mawa lace ndidzamva zofanana ndi makutu anga.

BUKU LA CIKUTO CAKUDA

Ife sitinali kupita ku Home of Hope. Nyumba yathu inali yaing'ono, yoyendetsedwa ndi amai a mpingo wina, kutali ndi mseu wa tara. Tinayenda ola lathunthu m'fumbi, kudutsa minda yokolola kale ndi zigafa za fodya zopanda kanthu, kufikira tinaona mpanda wa njerwa ndi matewera oyanikidwa pacingwe. Amai oyang'anira anali atalandira uthenga wathu, ndipo anatilandira ndi thobwa.

Tisanakhale pansi, kucokera kukhichini kunaturukira mai wina wokalamba, wopindika msana, akupukuta manja pa citenje. Anayang'ana mtsikana uja nthawi yaitali, kenaka anam'gwira mutu, naupendeketsa, nayang'ana kuseri kwa khutu lamanzere. Panali kacibadwa kakuda. Pomwepo anayamba nthungululu. Iwo ndiwo anali mai wodulidwa nkhope pa cithunzi cija. Anati: "Uyu ndidam'bereka kumbuyo miyezi isanu ndi umodzi. Sankagona pabedi, ankafuna msana." Ndinamasulira. Amai a ku Scotland anati: "Ngakhale kwa ine anali wotero." Amai awiriwo anaseka pamodzi misozi ili m'maso, ndipo apo panalibe cosowa womasulira.

Anatisonyeza cipinda ca makanda. Munali timabedi tacitsulo khumi, koma ana anali atatu cabe. Amai oyang'anira anafotokoza kuti masiku ano sasunganso ana ambiri. Khanda likataya mace, amayesetsa kupereka mkaka wa m'citini kwa acibale kuti alilerere kumudzi, ndipo amapita pa njinga kukaliona. Limene lafika pa nyumbayo amalibweza likayamba kudya phala ndi nsima. Anati anaphunzira kuti ana ambiri ochedwa amasiye ali ndi kholo limodzi lamoyo, kapena agogo, kapena amalume, ndipo cimene cimawabweretsa ndi umphawi, osati kusowa mtundu. Mtsikana uja anagwira citsulo ca kabedi kena, naima pomwepo osanena kanthu. Tinam'siya yekha.

Pambuyo pace anatiitanira mu ofesi, naturutsa buku lalikuru la cikuto cakuda, lodyeka ndi njenjete m'mbali. Anatsegula masamba a 2007, cala cao cinatsika pang'onopang'ono, ndi kuima. Panalembedwa tsiku limene mwana anafika, kulemera kwace, ndi mau akuti amai ace anamwalira patapita masiku awiri atabereka. Panali dzina la mudzi, la mfumu ndi la nkhalamba imene inam'bweretsa. M'munsi mwace munali mizere ina yolembedwa ndi inki zosiyanasiyana, caka ndi caka: agogo abwera kudzafunsa za mwana, agogo abweranso, agogo abwera ndi mtedza. Mzere wotsiriza unali wa 2019.

Mnzanga anabvula magalasi. Anafunsa ngati agogowo ali moyo. Amai oyang'anira anati ali moyo, koma miyendo ndiyo inawakana. Mtsikana anafuna kuti tipite nthawi yomweyo, koma amaiwo anakaniza. Anati: "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wokalamba sadzidzimutsidwa ndi nkhani yotere. Titume mnyamata kwa amfumu lero, inu mupite mawa."

Tinagona pa nyumba ya alendo pa Boma. Usiku mnzanga anagogoda pa citseko canga. Anati: "Aphunzitsi, ife tinauzidwa kuti acibale anabvomera, ndipo ndinaona zidindo za zala zao pa pepala. Zaka zitatu zoyamba tinali kutumiza zithunzi, kenaka tinaleka. Sindinaganizepo kuti pali munthu amene ayenda pansi kukafunsa." Ndinalibe mau om'tonthoza nao. Ndinangomuuza kuti mawa abvale jekete, alankhule pang'ono, ndipo asayambe ndi kuturutsa ndalama.

PANSI PA MTENGO WA AMFUMU

Mudziwo unali wa nyumba ngati makumi atatu, zina za malata, zambiri zaudzu, nkhokwe zili kuseri. Ukanauika m'dera la Vubwi kapena la Chadiza palibe akanadabwa. Tinayamba kwa amfumu monga mwa mwambo. Amuna tinapatsidwa mipando, akazi anakhala pa mphasa, ndipo mtsikana uja anabvala citenje cimene akazi anga anam'phunzitsa kumanga. Moni unayenda mmodzimmodzi, ndi kuomba m'manja, kufikira onse anatha.

Kenaka anawabweretsa agogo aja, anyamata awiri atawagwiriza. Atangoona mwanayo anagwa pansi ndi kuyamba kulira maliro, akuitana dzina la mwana wao amene anamwalira, pakuti anati nkhope ndi yomweyo. Amai a m'mudzi analandira kulirako. Mtsikana anacita mantha, nagwira dzanja la amai ace om'lera. Ndinam'nong'oneza kuti asaope, cifukwa maliro amenewa anayamba asanadziwe kanthu ndipo lero ndi pamene atha. Pamenepo anakwawa pa mphasa, nakhala pafupi ndi nkhalambayo, imene inayamba kum'papasa nkhope, mapewa ndi zala, ikuti: "Naphiri, Naphiri, wakula ndithu." Umo ndi mmene mwanayo anadziwira ciwongo cace.

Kulira kutatha, agogo anatembenukira kwa ine nati: "Bambo, afunseni. Kodi abwera kudzam'tula?"

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikumasulira m'chalichi ndi pa misonkhano, sindinapatsidwepo mau olemera ngati amenewo. Ndinaganiza zowafewetsa, koma ndinaona kuti kufewetsa mau ndi kumene kunabala bvuto limeneli poyamba. Ndinawamasulira monga analili. Amai a ku Scotland anayera milomo. Patapita kanthawi anati: "Auzeni kuti sindinabwere kudzam'tula. Koma sindinabwerenso kudzam'bisa. Ndabwera naye kuti awadziwe, ndi kuti iwo am'dziwe."

Apo amalume ace eni eni a mwanayo, mlongo wao wa malemu, anapempha kulankhula. Inu awerengi mudziwa kuti pakati pa Acewa mwana ndi wa mbumba ya kucikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Bamboyo analankhula mwaulemu koma mosabisa. Anati: "Cala cili pa pepalalo ndi canga, sindikana. Atate a mwanayu adapita ku mafamu a fodya iye asanabadwe, osabwerako. Ife tidauzidwa kuti mwana akupita kukaleredwa. Kuno kwathu mwana wokaleredwa kwa azakhali kapena kwa abusa amaphunzira, amakula, ndipo amabwerako. Sitidamve kuti pepala lingafafanize dzina la munthu m'mudzi mwao."

Pamenepo ndi pamene panagona nkhani yonse. Cimene Azungu amacicha adoption ife tilibe mau ace eni eni, ndipo omasulira ambiri amangoti kulera. Koma zinthu ziwirizi ndi zosiyana monga kubwereka khasu ndi kugula khasu. Pa lamulo la ku khoti, mwana amasanduka wa makolo atsopano kotheratu, monga wobadwa m'nyumba mwao. Amatenga dzina lao, amalowa pa cuma cao, ndipo acibale akale sakhalanso ndi mphamvu pa iye. Sindikhulupirira kuti panali munthu amene anafuna kunamiza banjali. Liu limodzi linalowa m'makutu awiri ndi matanthauzo awiri.

Mnzanga anaimirira, napepesa cifukwa ca zaka zonse zimene anakhala cete. Sanadzikanire. Amfumu, atamva mbali zonse, anati: "Mlandu palibe pano. Mwana adacoka ali kufa, wabwera akuyenda yekha. Pepala ndi la boma, ndipo sitilimbana nalo. Koma mcombo wace uli m'mudzi muno. Apite akaphunzire kumene akuphunzirako, koma njira yobwera kuno isamerenso udzu."

FUNSO LA MWANA

Tonse tinaona ngati nkhani yatha, koma mtsikana anandikoka jekete. Anali ndi funso lace. Pozungulira panali ana a amalume ace ndi a amai ace aang'ono, onse okulira pamudzi pomwepo. Anafuna kudziwa cifukwa cace iye yekha ndiye anaperekedwa.

Agogo anayankha mosafulumira. Anati anayesa milungu itatu. Anam'patsa madzi a shuga, phala lamadzimadzi ndi mkaka wa mbuzi, koma mwana anali kutsegula m'mimba ndi kufota. Kale khanda lotere linali kuyamwitsidwa ndi mai wina wa pabanja, koma m'zaka zimenezo anthu anali kuopa matenda a Edzi, ndipo palibe amene analimba mtima. Citini cimodzi ca mkaka cinali kuposa ndalama zimene iwo anali kuona pa mwezi. Caka ca m'mbuyo mwace khanda lina la m'mudzimo linali litatsatira mace kumanda mwa njira yomweyo. Anati: "Ndidanyamuka nkhuku zisanalire, iwe uli kumbuyo, ndipo ndidafika dzuwa lili pamutu. Pobwerera ndidabereka nsaru yopanda kanthu. Anzakowa adali ndi amao oyamwitsa. Sindidakutaye, mdzukulu wanga. Ndidakuthawitsa."

Kenaka nkhalambayo inagwira manja onse awiri a amai a ku Scotland, niti: "Ine ndidasowa mkaka, inu mudasowa mwana. Amene adam'sambitsa ndi kum'gonera m'cipatala ndiye mace. Inu mwalowa m'malo mwa mwana wanga amene adagona uko." Kuyambira pamenepo sanawachenso Mzungu, koma mwana wanga.

Masana amfumu analola kuti tipite kumanda, natipatsa akuluakulu awiri otitsogolera, pakuti kumanda kwa Acewa munthu salowako yekha. Manda ace anali kamtumbira kotsika, kopanda mwala, kodziwika ndi mbale yakale yadothi yokha. Mtsikana anagwada nazula udzu ndi manja ace, ndipo amai om'lera anagwada pambali pace nam'thandiza.

Sindifuna kukunamizani kuti zonse zinali zokoma. Potsazikana ena a pabanjapo anayamba kuchula za malata, za feteleza ndi za ndalama za sukulu, ndipo mnzanga anasowa poyambira. Tinagwirizana kuti thandizo liri lonse lidzere kwa amalume, amfumu akudziwa, ndipo liyambe ndi bulangete ndi mankhwala a agogo. M'galimoto mtsikana analira kwambiri. Anati ku Scotland anthu amam'funsa kumene anacokera, ndipo kuno ana am'cha Mzungu. Palibe amene anam'yankha. Pa miyendo pace panali tambala womangidwa miyendo ndi kathumba ka nshawa, mphatso za agogo. Tambalayo sakanakwera ndeke, motero tinam'dya ku Chipata.

ZIMENE NDINATOLAPO

Maiko ambiri tsopano aunikanso nkhani yotumiza ana kunja. Ethiopia inaletsa m'caka ca 2018, ndipo China inaleka m'caka ca 2024, kupatula ngati wotenga mwanayo ndi wacibale. Pali pangano la maiko la ku Hague la 1993, limene Zambia inalowamo m'caka ca 2015. Mfundo yace yaikuru ndi yakuti mwana ayambe wafuniridwa malo pakati pa acibale ace, kenaka m'dziko lace, ndipo kunja kukhale kotsiriza. Kuno kwathu nkhanizi zili m'lamulo la ana la 2022, lochedwa Children's Code Act. Khoti lokha ndilo lingapereke mwana kwa makolo atsopano, a Social Welfare atafufuza. Palibe mbusa, mfumu kapena mlendo wa galimoto yokongola amene ali ndi mphamvu imeneyo payekha.

Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zitatu, inu makolo ndi mafumu. Coyamba, khanda likataya mace musadikire milungu itatu. Thamangirani ku cipatala ndi ku ofesi ya Social Welfare pa Boma, mukafunse thandizo loti mwanayo akulire pakati panu. Caciwiri, musadinde cala pa pepala liri lonse lokhudza mwana musanaliwerengeredwe m'cinenero canu ndi munthu amene mumkhulupirira. Funsani funso limodzi ili mosacita manyazi: kodi mwanayu adzakhalabe wathu, kapena ai? Ngati yankho ndi lakuti ai, ndipo mwabvomera ndi mtima wonse cifukwa ca moyo wa mwanayo, palibe amene angakuweruzeni. Koma mubvomere cinthu cimene mwacimva. Cacitatu, lembetsani zonse: dzina la mai ndi la tate, ciwongo, mudzi, mfumu ndi pamene pali manda. Mwana amene tinaperekeza anapeza kwao cifukwa mai wina, zaka 16 m'mbuyomo, sanacite ulesi kulemba mizere isanu m'buku.

Kwa amene alera ana a eni, kaya ku Scotland kaya ku Lusaka, ndinena zimene ndinaona. Amai aja anapita ku Mchinji ndi mantha akuti adzataya mwana. Pobwerera, pa cipata ca Mwami, mwanayo anali atagona tulo pa phewa lao.

Alendo anga anakwera ndeke patapita masiku anai. Mtsikana anapita ndi kope limene adzukulu anga anam'lemberamo mau a Cinyanja, ndipo kutsogolo kwace analembapo yekha ciwongo cace. Kuyambira nthawi imeneyo, pa Sabata loyamba la mwezi uli wonse lamya yanga ya m'manja imalira masana. Mbali ina kumakhala Scotland, mbali ina amalume aja atagwirizira lamya pa khutu la nkhalamba, ine pakati kumasulira. Nchito yanga icepa mwezi ndi mwezi. Ulendo watha agogo anafunsa kuti: "Wadzuka bwanji, Naphiri?" Ndisanatsegule pakamwa ndinamva liu la kutali likuti: "Ndadzuka bwino, agogo, kaya inu?"